Gulu la Munthu Mmodzi

Dalila anapatsidwa ntchito yokonza magulu Lolemba m'mawa, asanakoleke n'komwe chikwama chake pamsomali. Mma Kgomotso, mayi wa Chitswana amene ankayang'anira ofesiyo, anamuikira kapepala patebulo. Panalembedwa mawu achinsinsi olowera.

"Kuyambira lero magulu onse a pa intraneti ali m'manja mwako," anatero m'Chingerezi. "Amene ankawasamala wapeza ntchito ku Moruleng, watisiyira chipwirikiti. Alipo 614. Akulikulu akufuna atsale osapitirira 80 mwezi uno usanathe."

Ofesi yawo inali kontena yopakidwa penti yoyera, pafupi ndi mpanda wa shafuti, chidzenje chotsikira mu mgodi. Kampaniyo inali ya kontirakiti, yobweretsa anthu okumba ndi ochirikiza denga mu mgodi wa pulatinamu wa kampani ina yaikulu. Dalila anali atagwirapo miyezi isanu ndi iwiri. Anachoka kwawo ku Mangochi mu 2015, nayamba kuluka tsitsi m'tauni ya Rustenburg ku Joni, ndipo Loweruka lililonse ankaphunzira kompyuta pakasukulu kena pamwamba pa sitolo ya matayala. Pansi pa nthaka anali asanapiteko. Mgodiwo ankangoudziwira kumawilo awiri aakulu a pamwamba pa shafuti, amene ankawaona akuzungulira akamatsika tekisi yochokera ku Photsaneng.

Intraneti inali ngati intaneti ya mkati mwa kampani mokha. Antchito ankaonapo mashifiti awo, masiku a tchuthi ndi zidziwitso. Itangokhazikitsidwa mu 2021, aliyense ankaloledwa kutsegula gulu, ndipo anthu anatsegula mwachisawawa. Patapita miyezi ingapo ambiri anabwerera kumagulu awo a pafoni, n'kusiya aja a kuntchito ali chomwecho.

Atalowa ndi mawu achinsinsiwo, sikirini inamuonetsa tsamba limene anali asanalionepo. Panali mayina a anthu onse a kampaniyo, 2,340, aliyense ndi nambala yake ndi levulo, kapena kuti gawo la pansi pa mgodi, imene amagwirako. Anautsitsa mndandandawo pang'onopang'ono. Mayina a Chisutu, a Chikhosa, a Chishangani, a Chitswana, apo ndi apo dzina lakwawo. Pa ola limenelo anthu oposa theka la mndandandawo anali kunsi kwa mapazi ake, kilomita yathunthu mkati mwa nthaka. Pambali pa dzina lililonse panali kabatani koonjezera munthu pagulu ndi kena komuchotsera, ndipo tonse tiwiri tinkamvera iye. Anachotsa dzanja pamausi.

Mma Kgomotso anamufotokozera zimene akulikulu ankafuna. Gulu lililonse likhale ndi mwini wake amene akadali pantchito, ndipo zidziwike kuti ndani angawerenge, ndani angalembe. Gulu la anthu osakwana atatu lifufutidwe, osafunsa.

Anayamba ndi osavuta. Gulu la mpira la 2022, la phwando la kumapeto kwa chaka, la ofuna kukwera nawo galimoto zopita ku Tlaseng, ndi ena asanu ndi awiri amene anthu anangotsegula poyeserera. M'malo mwake ankatsegula atsopano, motsata levulo ndi shifiti. Lachiwiri anaiwala kutseka gulu la zidziwitso za onse kuti anthu azingowerenga, ndipo munthu wina anatumizira kampani yonse chithunzi cha mbuzi imene ankagulitsa. Mma Kgomotso anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anamuonetsa potsekera pake. Pofika Lachitatu madzulo magulu 290 anali atapita.

Lachinayi chakumasana anafika pa gulu lotchedwa L19 Gang 7, kutanthauza gengi ya okumba yachisanu ndi chiwiri ya pa levulo 19. Mwini wake anasiya ntchito mu 2022. Membala anali mmodzi. Dalila anali ataloza kale kabatani kofufutira pamene diso lake linagwera pa chiwerengero cha mauthenga. Analipo 1,086, ndipo womaliza unali wa dzulo lake.

Anatsegula.

"Lachitatu 12 Marichi. Paneli 4. Tafula lalira bwino pakhomo. Mkati, pa sitiki yachisanu ndi chimodzi, kulira kwafupika. Ndagwetsa zidutswa ziwiri ndi gwala. Fumbi likutsika lokha pamng'alu, pang'ono pang'ono ngati mchere. Ndauza timu lida."

Anawerenga kawiri. Chinali Chichewa, pakompyuta ya kampani imene chilichonse chinkalembedwa m'Chingerezi. Dzina la wolembayo linali Jairos Kachingwe. Mawu ena sankawadziwa, anali a Chifanakalo cha anthu akale a m'migodi, koma atawerenga mauthenga makumi awiri anawatolera okha. Tafula linali denga la mwala. Gwala chinali chitsulo chachitali chogogodera dengalo ndi kugwetsera zidutswa zolendewera. Masitiki inali mitengo yochirikizira, ndipo paneli inali malo amene gengi ikukumba.

Unali mwezi wa Ramadani ndipo Dalila ankasala kudya, choncho Mma Kgomotso atatuluka kukagula chakudya, Dalila anatsala akuwerenga. Anabwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi.

"Lachisanu. Madzi akudontha pomwe dzulo panali pouma. Ndalawa. Ndi owawa, si a m'paipi."

"Lolemba. Sitiki yachitatu yatupa m'chiuno. Loweruka inali yowongoka."

"Lachiwiri. Lero zonse mushe. Denga likulira ngati belu kuyambira pakhomo mpaka kumapeto."

Munthuyo sankaphonya shifiti. Mipata inali ya masiku a tchuthi okha, ndi masabata awiri a mu 2023, amene anatha ndi mawu oti, "Ndinadwala chifuwa. Ndabwera." Sankadandaula za munthu, sankapempha kanthu. Ankangolemba mwala, tsiku ndi tsiku, ngati munthu wolera mwana amene akuona lero wadya bwanji, wagona bwanji.

M'masabata atatu omalizira mauthengawo anasintha. Paneli 4 inkabwera tsiku lililonse, ndipo kanayi konse analemba kuti, "Zikufanana ndi za paneli 2." Dalila analemba mawu oti paneli 2 m'kabokosi kofufuzira. Kompyuta inamutengera ku Julaye ndi Ogasiti wa 2022. Kunali kulira kofupika komweko, fumbi lotsika lokha lomwelo. Kenako uwu:

"Lolemba 15 Ogasiti. Paneli 2 yagwa dzulo. Linali Lamlungu, munalibe munthu. Ndinalemba muno pa 21 Julaye, pa 2 ndi pa 10 Ogasiti. Mwina mabwana anatanganidwa."

Kunsi kwa uthenga uliwonse kompyuta inkaonetsa chiwerengero cha anthu amene auona. Pa uliwonse umene Dalila anali asanautsegule panalembedwa 1, ndipo mmodziyo anali mwini wake wolembayo.

Shifiti ya m'mawa inkatuluka cha m'ma 2 koloko masana. Dalila anapempha kuti achokepo pang'ono, napita ku nyumba ya nyali, kumene anthu otuluka pansi amabwezako nyali zawo za pachipewa. Kukhoma kunali makompyuta atatu a antchito. Anthu ankadutsa m'chigulu, nkhope zili mbuu, akuthamangira kosamba, ndipo palibe amene ankawayang'ana makompyutawo. Anthu atachepa, bambo wina wamfupi, wa ndevu za imvi, anaima pa kompyuta ya kumapeto. Anapukuta chala chamkomba paovolosi yake nayamba kulemba, chilembo chimodzi chimodzi, milomo ikuyenda.

Dalila anaima pambali pawo. Bamboyo anamuona ndi kona ya diso.

"Dumela, mma," anatero, osasiya kulemba.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Chala chija chinaima m'mwamba. Anatembenuka n'kumuyang'ana, kuyambira pampango wa kumutu mpaka pakhadi la kuntchito limene linali pachifuwa.

"Ndaswera, kaya inu mayi. Kwanu n'kuti?"

"Ku Mangochi, kwa Chimwala. Dzina langa ndine Dalila, ndimagwira muofesi. Ndinu a Jairos?"

"Ndine. Kwathu n'kwa Ganya ku Ntcheu, koma ndi kale limenelo. Ndinabwera ku Joni kuno mu 1996."

Dalila anawauza kuti ndiye wapatsidwa kusamala magulu, ndipo wawerenga zimene amalemba. A Jairos anagwedeza mutu ngati n'zimene ankayembekezera.

"Mzungu amene anatiphunzitsa makinawa anatiuza kuti chilichonse mwaona pansi, lembani apa, mabwana aziona. Ine Chingerezi cholemba chimandivuta, koma iye anati makinawa amamasulira okha. Ndiye ndimalemba chakwathu. Amamva bwinobwino?"

Dalila anafuna njira yozungulira koma sanaipeze.

"Bambo, makinawa samasulira. Ndipo m'gulumu mwatsala inu nokha. Anzanu anatuluka kalekale, mabwana sanalowemo n'komwe. Kanambala aka kali pansipa ndi ka anthu amene awerenga."

A Jairos anawerama n'kukayang'anitsitsa kanambalako. Anavula chipewa, natulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta pamutu, mosafulumira.

"Zaka zinayi," anatero.

"Pepani, bambo."

"Ayi, musapepese, si inu." Anapinda kansalu kaja. "Zinandithandizabe. Ukalemba chinthu lero, mawa umakayang'ana pomwepo. Ukapanda kulemba, masiku amafanana onse." Anavalanso chipewa chake. "Ndiye inuyo mwawerenga zonse?"

"Zambiri. Ndawerenga za paneli 2, ndi za paneli 4."

"Paneli 4 ndinauza timu lida, iye anauza wamkulu wa shifiti. Anabwera, anaonjezera masitiki, anayeza, akuti zili bwino. Sindikuwatsutsa. Pafupipa mwala ndi wolimbadi, ukagogoda umayankha. Koma kumwamba kwake kuli china chake. Sindingachiloze ndi chala, ndiye sindikudziwa kuti ndiwauze bwanji."

Anamaliza uthenga wa tsikulo Dalila ali chiimire pomwepo, nadina potumizira, napita kukasamba.

Atabwerera kukontena, Dalila anamuonetsa Mma Kgomotso gululo n'kumumasulira mauthenga asanu. Mma Kgomotso anamvetsera atapinda manja.

"Ukudziwa kuti tonse pano ndife a kontirakiti," anatero. "Paneli ikaima chifukwa cha ife, kenako n'kupezeka kuti palibe kanthu, afunsa kuti anayambitsa ndani. Iwe unauzidwa kufufuta magulu, osati kuwawerenga."

"Ndikudziwa, mma. Koma lamulo likuti gulu la anthu osakwana atatu. Ndikalowamo ine ndi inu, takwana atatu."

Mma Kgomotso anakoka mpando.

"Uikemonso Thom. Ndiye injiniya wa miyala wa levulo imeneyo. Ndi wamng'ono koma amawerenga zimene watumiziridwa."

Dalila anasintha mwini wa gululo, naikapo dzina la a Jairos. Anadziika yekha ndi Mma Kgomotso, kenako Thom. Kompyuta inafunsa ngati olowa kumene aloledwe kuona mauthenga akale, ndipo anavomera. Masana onsewo anawathera pomasulira m'Chingerezi mauthenga a masabata atatu omalizira, ndi a masabata anayi a mu 2022, n'kuwaika moyandikana pamwamba pa gululo. Pamene panamuvuta kwambiri panali pa kulira kwa mwala. Chingerezi chake chinali ndi mawu awiri kapena atatu, pamene a Jairos anali ndi oposa khumi.

Lachisanu nthawi ya 8 koloko isanakwane, mnyamata wamtali wa tsitsi lofiirira anagogoda pachitseko cha kontena, foni ili m'manja. Anali Thom.

"Ndani wamasulira izi?" anafunsa m'Chingerezi. "Pali zina?"

"Zilipo zoposa chikwi," anayankha Dalila.

Thom anakhala pampando wa alendo n'kupempha kuti amuwerengere za mu Julaye 2022 liwu ndi liwu. Pa nthawi imene paneli 2 inagwa iye anali asanayambe ntchito pamgodiwo, koma lipoti lake analiwerengapo, ndipo linkati panalibe chizindikiro chilichonse. Dalila atafika pa uthenga wa pa 10 Ogasiti, Thom anatuluka panja naimba foni. Ankamveka kudzera pazenera akubwereza mawu amodzimodzi katatu, kuti gengi 7 ichoke pa paneli 4 mpaka iye atakaona yekha. Wa mbali inayo ankamveka kuti sakukondwa.

Masana anakumana ndi a Jairos ku nyumba ya nyali. Thom ankayankhula Chingerezi ndi Chibunu, Chifanakalo ankangochidziwa cha moni. A Jairos anayesa kufotokoza, kenako anapukusa mutu n'kutembenukira kwa Dalila.

"Muuzeni kuti Chifanakalo chili ndi mawu awiri okha, mushe ndi sikelemu, zabwino ndi zoopsa. Mwala uli ndi mawu ambiri kuposa pamenepo. Ngati akufuna kumva, tipite pansi, ndipo inu mupite nafe."

Lolemba Dalila anakhala m'kalasi ya alendo opita pansi, kuphunzira kuvala kachitini kopumira ndi zoyenera kuchita nyali ikazima. Lachiwiri m'mawa anamanga mpango wake mothina, naika chipewa pamwamba pake, nalowa mukeji, chikepe chotsikira pansi, pakati pa a Jairos ndi Thom. Munali anthu ena pafupifupi makumi anayi, othithikana phewa ndi phewa. Belu linalira, ndipo pansi panachoka. Kuwala kwa dzuwa kunatha ngati wina watseka chivindikiro, mphepo yofunda inkakwera kudzera m'mabowo a chitsulo chimene anapondapo, ndipo makutu anatseka. Malevulo ankadutsa ngati mawindo a basi, kuwala kamodzi n'kuzimiririka. Anthu ena ankacheza za mpira. Iye ankanena dua, pemphero lake, mumtima, atagwira mkono wa ovolosi ya a Jairos osadziwa kuti waugwira.

Keji itaima anatulukira m'chipinda chachikulu ngati holo, chopakidwa laimu, cha magetsi ndi njanji ndi mapaipi aakulu kuposa thupi la munthu. Sanayembekezere kuti pansi pangakhale potakasuka chotero. Anayenda mphindi makumi anayi mumsewu wa mwala, kutentha kukuonjezekera, mpaka anafika pamakwerero ang'ono. Kuchokera pamenepo kunali kokwawa. Denga linali lomulekeza m'chifuwa. Kutsogolo, nyali yake inagwera pa mzere wakuda wodutsa m'khoma, waung'ono kuposa mkono wake, wonyezimira timadontho ngati wawazidwa shuga.

"Pulatinamu uja ndi ameneyo," anatero a Jairos. "Anthu onse munawaona aja, shafuti, njanji, tauni yonse ya kumwamba ija, n'chifukwa cha kamzere kameneka."

Dalila anakagwira ndi chala. Kanali kofunda.

Kumwamba kuja a Jairos ankayenda ngati nkhalamba. Kuno anali munthu wina. Ankasuntha chonyonyomala, mwachangu, gwala ili m'dzanja limodzi, maso ali kudenga, ndipo Thom ndi kutalika kwake ankavutika kuwatsatira. Pakhomo pa paneli 4 anaima. Munali zii, chifukwa gengi inali itasamutsidwa. Masitiki anali ndandanda mpaka kumene nyali sinkafika.

A Jairos anakweza gwala n'kugogoda denga. Linalira ngwee, mawu oyera, otalika. Anasuntha mapazi khumi nagogodanso. Linaliranso ngwee.

"N'chimodzimodzi," anatero Thom.

"Muuzeni asamvere kugundako," anatero a Jairos. "Amvere mchira wa mawuwo."

Dalila anamasulira. A Jairos anabwerera pakhomo nagogoda, kenako anapita mkati nagogodanso, kawiri, katatu. Ulendo wachitatu Dalila anamva. Pakhomo mawuwo ankapita n'kupita mpaka kuzilala okha. Mkati ankayamba chimodzimodzi, koma ankathera panjira, ngati wina wagwira belu ndi dzanja.

"Ndamva," anatero motsitsa. "Akudulidwa."

"Eya. Pakhomopa mawu akukwera mwala wokhawokha, alibe powaimitsa. Apa akukwera, n'kukapeza mpata, n'kulekera pomwepo. Tsopano khalani pansi nonse. Tsinzinani, musayankhule."

Anakhala. Thukuta linkatsika kumsana kwa Dalila, ndipo kukhosi kunali gwa chifukwa cha kusala. Ankamva mphepo ya m'mapaipi chapatali ndi kugunda kwa mtima wake. Panapita mphindi mwina zitatu. Kenako, kumwamba, osati padenga pomwepo koma mkati mwake, panamveka kaphokoso kamodzi, tha, ngati munthu wathyola chala. Patapita kanthawi kanamvekanso, chakumanzere. Kafumbi kanatsika n'kumugwera padzanja.

Anatsegula maso. Anali atakhala pansi pa mwala wochindikala kilomita yathunthu, ndipo mwalawo unkasuntha. Anayembekezera kuti achita mantha, koma chimene chinamufikira chinali china, chonga chimene ankamva ali mwana mumzikiti anthu onse akagwada pamodzi n'kukhala chete. Ludzu analiiwala. Anayang'ana a Jairos, amene anali atapendeketsa mutu, maso ali chitsinzinire, ndipo anaganiza za masiku 1,086 amene bamboyu anakhala chonchi kumvetsera, n'kukwera kukalembera anthu amene kunalibe.

Thom anali atatsegula pakamwa pang'ono.

"Tiyeni tizituluka," anatero monong'ona.

Mawa lake Thom anatumiza anthu kukaboola dzenje lopita m'mwamba ataima chakukhomo, nalowetsamo kakamera. Pa mamita awiri ndi pang'ono anapeza mng'alu wopingasa woti dzanja likhoza kulowamo. Zitsulo zimene ankakhomera kudenga kuti zigwire mwala zinkalekera pa mita imodzi ndi theka, choncho zonse zinali zitagwira chimwala chimodzi chimene chinali chitalekana kale ndi chinzake. Paneli 4 inatsekedwa ndi waya, ndipo gengi 7 inasamutsidwira ku paneli 6. Thom anapempha Dalila kuti aike anthu onse a gengiyo m'gulu la a Jairos, pamodzi ndi wamkulu wa shifiti ndi a zachitetezo. Anawaika mmodzimmodzi, potsata manambala awo.

Panapita masiku asanu ndi atatu popanda kanthu. Kuchokera kulikulu kunabwera funso loti paneli itsegulidwa liti, ndipo Mma Kgomotso analitumiza kwa Thom osayankhapo. Dalila anapitiriza kufufuta magulu, koma tsopano ankayamba watsegula lililonse n'kuona zimene zili mkati.

Lachinayi pa 27 Marichi, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, kompyuta yake inalira kusonyeza kuti m'gulu muja mwalowa uthenga. Unali wa Thom, ndipo chinali chithunzi chojambulidwa kuseri kwa waya. Pamene iwo anakhala pansi paja panalibenso mpata. Chimwala chachitali ngati mabasi awiri chinali chitatsika chathunthu, masitiki ataphwanyika pansi pake ngati mapesi. Pansi pa chithunzicho Thom analemba nthawi imene chinagwa, 9:40.

Dalila ankadziwa tsopano kuti pa ola limenelo gengi imakhala ili mkati, ikuboola. Anatsegula mndandanda wa mamembala. Anthu a gengi 7 analipo khumi ndi anayi. Anawerenga mayinawo motsitsa, limodzi limodzi, ngati akuitana kaundula, ndipo pambali pa lililonse panalembedwa kuti ali pa shifiti, paneli 6. Mma Kgomotso anabwera kudzaima kumbuyo kwake. Anayang'ana chithunzicho, nanena mawu amodzi m'Chitswana, dzina la Mulungu, naika dzanja paphewa la Dalila. Anakhala choncho mpaka foni ya patebulo inalira.

Uthenga wa a Jairos unafika nthawi yake yomwe ija, 2 koloko itapitirira.

"Lachinayi 27 Marichi. Paneli 4 yagwa. Munalibe munthu. Paneli 6 ikulira bwino, koma pakona ya kumanzere ndagwetsa chidutswa chimodzi. Sitiki yachiwiri aisinthe, ili ndi mfundo."

Sabata yotsatira kunabwera lamulo latsopano. Gengi iliyonse ikhale ndi gulu lake, mwini wake akhale munthu wogwira gwala, ndipo alembe m'chiyankhulo chilichonse chimene akufuna. Mainjiniya onse a miyala ankayenera kukhala m'magulu onsewo. Dalila anatsegula magulu 58 m'masiku atatu, ndipo chiwerengero chonse chinathera pa 131, koma akulikulu sanatchulenso za 80 uja. Chovuta chinali omasulira. Chitswana ndi Chisutu anatenga Mma Kgomotso, Chikhosa anavomera mayi wina wa ku nyumba ya nyali. Wa Chishangani sanapezeke msanga. Magulu ambiri anakhala opanda uthenga. Ena ankalemba mawu amodzi okha, mushe, tsiku lililonse. Asanu kapena asanu ndi limodzi anayamba kulemba zenizeni.

A Jairos anayamba kumadutsa pakontena akatuluka pansi. Ankadandaula kuti tsopano anthu amawayankha, ndipo amayenera kuwerenga zonsezo ataimirira, maso akuwawa.

"Kale ndinkalemba n'kumapita kosamba," anatero. "Pano Thom amafunsa mafunso atatu pa uthenga umodzi. Mundipezere mpando pamakina paja, mwananga."

Dalila analemba kalata yopempha mpando, ndipo unabwera.

Tsiku lina la mu Epulo anabwera ndi munthu wina, bambo wowonda wa msinkhu wawo womwewo, amene anaima pakhomo atagwira jumbo ya pulasitiki ndi manja awiri.

"Awa ndi a Maluleke, mnzanga wa pa levulo 22, kwawo ndi ku Mozambiki," anatero a Jairos. "Mwawatsegulira gulu, koma makina sawakhulupirira. Akufunsa ngati izi zingalowemo."

A Maluleke anaika jumboyo patebulo n'kuimasula. Munali makope a ana a sukulu, khumi ndi limodzi, omangidwa ndi mphira wa chubu. Zikuto zake zinali zofewa ndi chinyezi. Dalila anatsegula la pamwamba. Tsamba loyamba linali ndi tsiku la mu Januwale 2014, ndipo kunsi kwake kunali mizere ya pensulo, yaing'ono, yothinana, m'chiyankhulo chimene sankachidziwa. Apo ndi apo panali zojambula za denga, ndi timitanda tosonyeza pamene panali ming'alu. Anatsegula lachiwiri, lachitatu. Onse anali odzaza mpaka kuchikuto.

"Ankalembera ndani?" anafunsa.

A Jairos anafunsa mnzawoyo m'Chifanakalo. A Maluleke anayankha mwachidule, maso ali pamakope awo.

"Akuti mchimwene wawo anatsalira pansi mu 2013. Kuyambira pamenepo amangolemba. Sanaonetsepo munthu."

Dalila anayang'ana makopewo, nayang'ana bambo wowondayo. Anaimirira n'kuwapatsa mpando wake.

"Muwauze kuti zilowa zonse, tsamba ndi tsamba, ndipo makope awo abwerera nawo. Womasulira tim'peza." Anatembenukira kwa Mma Kgomotso. "Mma, makina ojambulira mapepala aja akugwira?"

"Amatafuna pepala likakhala lofewa," anatero Mma Kgomotso, akuvala magalasi. "Bweretsa kuno, tijambula ndi foni. Iwe uzitembenuza masamba."